Pulinta ya malisiti yoyenda nayo: PT-210 kapena Zebra ZQ320 pa bizinesi ya ku Zomba?

Ogulitsa katundu pa galimoto, aja amakasiya shuga, sopo ndi mafuta ophikira m'magolosale a ku Chinamwali, Songani ndi Domasi, kapena kulowera ku Thondwe ndi ku Jali, ena mwa iwo anasiya kale kuyenda ndi buku la malisiti la kaboni. Oda amailemba pa foni, lisiti n'kutuluka pomwepo pa kapulinta kokoleka m'chiuno. Timakina timeneti tafikanso kwa otolera ngongole za mabungwe obwereketsa ndalama, kwa ogulitsa mbewu ndi feteleza, ndi m'malesitilanti ena a m'tauni. Pano tikuunika mitundu iwiri: PT-210, kotchipa kaja kochokera ku China komwe kamabwera ndi dzina la Goojprt ndipo kali ndi anzake ofanana nako monga MTP-II, ndi Zebra ZQ320, yomwe mtengo wake mungagulire timapulinta totchipato tingapo.

Tinene poyambirira kuti pa kusindikiza kwenikweniko siasiyana kwambiri. Onse sagwiritsa ntchito inki, amawotcha pepala lapadera ndi timadontho 8 pa milimita iliyonse, ndipo lisiti la onse awiri limawerengeka bwinobwino. Kusiyana kumaonekera pa kulumikizana ndi foni popanda waya, ndiponso tsiku limene mapulinta achuluka moti mwini bizinesi sangathe kuwayang'ana onse ndi maso ake.

PT-210 imatenga pepala la mamilimita 58 m'lifupi, koma imalemba pa mamilimita 48 okha. Amenewa ndi madontho 384, kapena zilembo 32 pa mzere umodzi. Zilembo 32 n'zochepa: dzina la katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo wa makwacha wa manambala asanu kapena asanu ndi limodzi sizikwana pa mzere umodzi, ndiye mayina a katundu muwafupikitse m'pulogalamu yanu musanayambe kugulitsa. ZQ320 imatenga pepala la mamilimita 80, imalemba pa 72, ndipo mzere wake umakwana zilembo 48 pa kukula kwa masiku onse. Kwa wogulitsa katundu wambirimbiri pa lisiti limodzi, kusiyanaku n'kwakukulu.

Kulumikiza PT-210 ndi foni ya Android sikuvuta, bola mutsate ndondomeko yake. Pulinta ili chizimire, dinani batani la FEED (lokokera pepala) osalisiya, kenako muiyatse. Itulutsa kapepala kosonyeza dzina lake la Bluetooth, nambala yake ya MAC (nambala yapadera yodziwira chipangizo chilichonse) ndi PIN, yomwe kawirikawiri imakhala 0000 kapena 1234. Kapepala kameneka musataye. Lowani mu Settings ya foni, mufufuze pulintayo pa Bluetooth, mulembe PIN, ndipo mukatha apo m'pamene mutsegule app yogulitsira n'kusankha pulintayo. Pa Android 12 ndi ina yaposachedwa, app imafuna chilolezo cha Nearby devices. Pa mafoni akale imafuna chilolezo cha Location, ndipo ena amafunanso kuti Location ikhale yoyaka pofufuza. Ambiri amakana zilolezozi poganiza kuti app ikufuna kuwalondalonda, kenako n'kumati pulinta ndi yakufa.

Pa mndandanda wa Bluetooth pulinta imodzi ikhoza kuoneka kawiri. Si vuto ayi: ili ndi njira ziwiri, Bluetooth yakale ya SPP ndi ina yosadya batire ya BLE. Pa Android sankhani ya SPP, chifukwa imanyamula zambiri msanga. iPhone salola SPP pa chipangizo chomwe Apple sinachivomereze kudzera mu ndondomeko yake ya MFi, choncho pa timapulinta totchipa iPhone imadalira BLE yokha, ndipo simungaipeze mu Settings, mumaipeza m'kati mwa app momwemo. Ngati antchito anu ali ndi mafoni a Tecno, itel kapena Samsung, nkhaniyi sikukukhudzani kwenikweni.

Chimene chikukukhudzani ndi ichi. Pa SPP, pulinta yotere imalankhula ndi foni imodzi pa nthawi. Foni ya mnzanu wa dzulo ikakhala chapafupi, app yake ikadali yotsegula, imaigwirabe pulintayo, inu n'kumangolandira uthenga woti kulumikiza kwalephera. Izi zimachitika kwambiri m'mawa ku depoti, pamene magalimoto akupakira katundu ndipo mafoni onse ali m'chipinda chimodzi. Mankhwala ake ndi lamulo losavuta: pulinta imodzi, foni imodzi, ndipo foni ikasintha mwini kapena pulinta, yakaleyo muichotse pa mndandanda wa zolumikizidwa. Vuto lachiwiri ndi la mayina. Mukagula timapulinta tisanu totere, tonse timaoneka ndi dzina limodzimodzi, ndipo lisiti la kasitomala wa Achimwene awa limakatulukira m'chiuno mwa Achimwene awo. Lembani zilembo zinayi zomaliza za MAC pa kapepala, mumate pa pulinta iliyonse ndi selotepi, ndipo pa foni musinthe dzina lake kukhala la njira yomwe imayenda, monga "Domasi" kapena "Mayaka". Dzina losinthidwa motero limakhala m'foni yokhayo, pulinta sidziwa kanthu.

Mtunda womwe amalonjeza pa katoni ndi mamita 10, koma amenewo ndi a pabwalo popanda chotchinga. Thupi la munthu lenilenilo limatchinga mafunde a 2.4 GHz omwe Bluetooth imayendera, ndiye foni ikakhala m'dzanja, pulinta ili kumsana, pakati pa chikhamu cha anthu mu msika waukulu wa Zomba, lisiti limatha kudukira pakati. Kolekani pulinta kutsogolo. Onaninso zosungira batire za foni: mafoni ambiri amatseka app yomwe ili kumbuyo chophimba chikangozima, ndipo kulumikizana kumaduka nayo. App yogulitsira muichotse pa gulu la zoletsedwa kudya batire. Ndipo kwa amene amadandaula za bandulo: Bluetooth sidya data ngakhale pang'ono. Netiweki ya Airtel kapena TNM ikasowa kumunsi ku Kachulu, lisiti lituluka ndithu, pokhapokha ngati app yanu ndi ija yosagwira ntchito popanda intaneti. Funso limenelo mukafunse wokugulitsani app, osati wa pulinta.

Pali chinthu china chomwe chimachedwetsa kusindikiza koma ambiri sachidziwa. App ikhoza kutumiza lisiti ngati zilembo kapena ngati chithunzi. Lisiti la mizere 25 ya zilembo 32 ndi mabayiti (muyeso wa kuchuluka kwa data) pafupifupi 800. Lisiti lotalika masentimita 10 likatumizidwa ngati chithunzi ndi mizere 800 ya madontho, uliwonse wa mabayiti 48, zonse pamodzi 38,400. Pa SPP pulinta imangochedwa pang'ono, koma pa BLE imayenda modukizadukiza, n'kusiya timizere toyera, ndipo nthawi zina imasanza zilembo zosamveka chifukwa malo ake osungiramo kwakanthawi adzaza. Sankhani zilembo, chithunzi chikhale cha chizindikiro cha bizinesi chokha, chaching'ono, chakuda ndi choyera. Dziwani chabe kuti m'njira ya zilembo pulinta imagwiritsa ntchito zilembo zomwe inabadwa nazo, ndipo ŵ mulibemo, moti dzina lokhala ndi ŵ limatuluka ndi chizindikiro cha funso kapena kabokosi. Lembani w wamba pa malisiti.

Nkhani ya chinyengo ndi yomwe ingapangitse mwini bizinesi kuganiza kawiri za PT-210. PIN yake aliyense amaidziwa, ndipo pulinta imaonekera kwa foni iliyonse yapafupi. Pa Play Store pali ma app monga RawBT omwe amasindikiza chilichonse chomwe munthu walemba. Wantchito wosakhulupirika akhoza kulumikiza foni yake yachiwiri, kulemba lisiti looneka ngati lanu ndendende, kulandira ndalama kwa mayi wa pagolosale, m'kaundula wanu osaoneka kanthu. Pulintayo siwerenga malisiti omwe yatulutsa m'njira yoti inu mukaone, ndipo sifunsa kuti watumiza ndani. Chitetezo chili kunja kwa pulinta: nambala ya lisiti izichokera m'pulogalamu motsatana, kasitomala azilandiranso SMS yotsimikiza, ndipo mipukutu ya mapepala muziipereka mowerenga. Mpukutu wa 57 x 40 umakhala ndi pepala la mamita pafupifupi 15, kutengera kukhuthala kwake, ndiye pa malisiti a masentimita 10 ndi malisiti ngati 150. Wina akamatha mipukutu iwiri pa malonda 90, pali zoti afotokoze.

Tibwere ku Wi-Fi. PT-210 ilibe, ndipo ZQ320 si yonse ili nayo: ina imabwera ndi Bluetooth yokha, ina ndi zonse ziwiri, ndiye nambala ya mtundu wake muione musanalipire. Kwa woyenda m'misewu Wi-Fi ilibe ntchito. Imafunika pamene mafoni ambiri akutumiza ku pulinta imodzi, monga operekera zakudya atatu otumiza maoda kukhitchini, kapena mu sitolo yaikulu momwe munthu akuyenda m'mashelefu kumata mitengo.

Pa Wi-Fi foni imatumiza lisiti ku adiresi ya IP ya pulinta, pa khomo lotchedwa port 9100. Mavuto ambiri amagona pa adiresiyo. Router imagawa maadiresi yokha kudzera mu njira yotchedwa DHCP, ndipo magetsi akazima n'kuyakanso ikhoza kupatsa pulinta adiresi ina. Dzulo inali 192.168.8.102, lero ndi 192.168.8.105, app ikugogodabe pa khomo lakale. Pulinta ikuonetsa kuti yalumikizidwa, foni nayonso, koma palibe chotuluka. Kuno kwathu, komwe magetsi amazima kawirikawiri, ili ndi vuto la mlungu uliwonse ngati simunalikonze tsiku loyamba. Lowani mu router, pa ma MiFi ndi ma router a Huawei ambiri khomo lake ndi 192.168.8.1, mupeze pomwe amamangirira adiresi ku nambala ya MAC, n'kupatsa pulinta adiresi yake yosasintha. Ngati router yanu ilibe zimenezo, ikani adiresi yokhazikika m'pulinta momwemo, koma ikhale kunja kwa gawo lomwe DHCP imagawa, kuopera kuti foni ya mlendo ingalandire yomweyo. Dziwani kuti MAC ya Wi-Fi ndi yosiyana ndi ya Bluetooth. Zonse zimalembedwa pa kapepala koyesera ka ZQ320, musasokoneze.

Ndipo kumbukirani kuti pulinta ili ndi batire koma router yapakhoma ilibe. Magetsi akapita, mafoni ndi pulinta zonse zili moyo koma sizingamvane. Ma router ambiri amadya 12V, ndipo ka UPS kakang'ono ka DC (kabatire kosungira magetsi), kapena kuilumikiza ku batire la sola, kamathetsa nkhaniyi. Bandulo ikatha, kusindikiza m'nyumbamo kumapitirira, chifukwa lisiti silituluka kupita pa intaneti, limangodutsa mu router.

Malo ogona alendo ndi malesitilanti ali ndi msampha wawo. Wi-Fi ya alendo nthawi zambiri imatchedwa kuti zipangizo zisaonane, zomwe ma router amalemba kuti AP isolation kapena client isolation. Pulinta ndi foni zikalowa pamenepo zonse zimapeza intaneti koma sizipezana. Pangani netiweki ina ya ntchito yokha, ya WPA2, pasiwedi yake alendo asaidziwe. Hotspot ya foni ya bwana si yankho: Android yatsopano imasintha manambala a netiweki yake, ndipo bwanayo akapita ku banki netiweki imapita nawo.

Nyumba zakale za Zomba, za nthawi yomwe mzindawu unali likulu la dziko 1975 isanafike, zili ndi zipupa za njerwa zokhuthala kwambiri, ndipo zingapo ndi maofesi ndi malo a bizinesi lero. ZQ320 ya Wi-Fi imagwira 2.4 GHz ndi 5 GHz yomwe. Ya 5 GHz ndi yopanda phokoso koma imafooka msanga pa chipupa, pamene ya 2.4 GHz imaboola bwinoko koma ndi yodzaza: Bluetooth, ma hotspot a ophunzira cha ku Chikanda ndi Chirunga, ngakhale microwave ya kukhitchini, zonse zili momwemo. Lisiti ndi kanthu kakang'ono, silifuna liwiro, ndiye m'nyumba ya zipupa zokhuthala sankhani 2.4 GHz, pa channel 1, 6 kapena 11, yomwe anansi anu sanadzazepo. Router ikhale m'mwamba, kutali ndi filiji ndi malata.

Pa kasamalidwe m'pamene Zebra imabweza ndalama zake. Ndi app ya Zebra Printer Setup Utility mumasintha dzina la Bluetooth m'pulinta momwemo, kuti foni iliyonse iziona "Galimoto 3". Mumatha kuibisa kuti isaonekere kwa mafoni achilendo, kukweza chitetezo cha polumikiza, ndi kuika nthawi yoti izizima yokha ikakhala chabe. Ili ndi NFC, njira yolumikizana pongogundanitsa zipangizo, moti foni yokhala ndi NFC mumangoigunditsa pa pulinta yomwe mukufuna, osasakanso pa mndandanda. Zokonza zonse mukhoza kuzisunga m'fayilo imodzi n'kutumiza ku mapulinta ena, m'malo mobwereza pamanja. Batire lake, lotchedwa PowerPrecision+, limanena lokha mphamvu yotsala ndi thanzi lake, choncho lotopa mumalidziwa lisanakuchititseni manyazi ku Malosa. Kampani yokhala ndi mapulinta ambiri pa Wi-Fi ikhoza kuwaona onse pa kompyuta imodzi ndi Printer Profile Manager Enterprise, ngakhale pulogalamu imeneyo ndi yolipira ndipo bizinesi ya magalimoto anayi siifunika. Thupi la ZQ320 ndi lolimba: ili pa mlingo wa IP54 wopirira fumbi ndi madzi owazika, ndipo inapangidwa kuti ipirire kugwa kuchokera pa mita imodzi ndi theka. PT-210 ikagwa pa simenti, kawirikawiri chimathyoka ndi kokowera chivindikiro, ndipo chivindikiro chikapanda kutseka bwino pepala silikokeka. Mvula ya pansi pa phiri la Zomba mu Januwale si ya kapulinta kameneka, kafunika kachikwama.

Koma Zebra ili ndi chopunthwitsa chachikulu chomwe ogulitsa ena satchula. Ma app ambiri ogulitsira a pa Android amalankhula ESC/POS, chilankhulo cha mapulinta a malisiti chomwe chinayambitsidwa ndi Epson, ndipo PT-210 imachimva. Zebra chilankhulo chake ndi CPCL ndi ZPL. App yosadziwa Zebra ikatumiza ESC/POS, mukhoza kupeza zilembo zosokonekera kapena pepala losatuluka n'komwe, mutawononga kale ndalama zambiri. Ngati app yanu ndi ya ESC/POS yokha koma mukufuna pulinta yolimba, yang'anani Epson TM-P20II kapena Bixolon SPP-R200III, zomwe ndi za mamilimita 58 ndipo zimachokera ku makampani odziwika.

Za batire ndi tchaja: timapulinta tambiri totchipa tili ndi batire la 7.4V, ndipo tina timatchajidwa ndi tchaja yakeyake ya 9V kapena 12V, osati ya foni ya 5V, pamene tatsopano timalola USB. Werengani zolembedwa pansi pa pulinta, chifukwa kamwa ya tchaja kulowa sikutanthauza kuti ndi yake. Matchaja ena amabwera ndi pulagi ya mano awiri, pofunika adaputala yolowa m'masoketi athu a mano atatu. Batire likayamba kutha mphamvu, chizindikiro choyamba ndi zilembo zofooka, makamaka pa mizere yakuda kwambiri, chifukwa kuwotcha pepala n'kumene kumadya moto. Kenako pulinta imazima pakati pa lisiti n'kudula Bluetooth, ndipo anthu amaimba mlandu foni. Musaisiye pa dashibodi ya galimoto mu Okutobala: kutentha kumakalambitsa batire ndipo kumadetsa mpukutu wonse usanagwire ntchito. Yosungidwa osagwira ntchito ikhale ndi moto wa theka.

Pepala nalo lili ndi zake. Mapulinta onse awiri amalandira mpukutu wosapitirira mamilimita 40 kukula kwake, ndiye wa 57 x 50 kapena 80 x 80 wa makina a pakauntala sulowa, ndipo kuukakamiza n'kumene kumathyola chivindikiro. Pulinta ikamatulutsa pepala loyera, mwaliika chagada: kandani ndi chikhadabo, mbali yomwe yada ndiyo iyang'ane kumutu wowotcha. Mzere woyera wotsika kuyambira pamwamba mpaka pansi pa lisiti ndi litsiro pa mutuwo. Zimitsani pulinta, idikireni izizire, mupukute ndi thonje lonyowetsedwa ndi isopropyl. Spiriti yapepo ija imasiya utoto, ndipo chitsulo chilichonse chimakanda mutu mpaka kalekale. Mzerewo ukapanda kuchoka, kadontho kapsa, ndipo pa PT-210 kugula ina n'kwanzeru kuposa kukonzetsa. Malisiti a pepala lotere amafufutika ndi dzuwa, mafuta ndi mapulasitiki ena, choncho lisiti la ngongole kapena la katundu wa galanti kasitomala alijambule pa foni, inunso mbiri yake ikhale m'pulogalamu.

Kwa olembetsa VAT: kukhala ndi pulinta ya Bluetooth sikupangitsa lisiti kukhala lovomerezeka ku MRA. Makina a EFD, otulutsa malisiti a msonkho, anayamba mu 2014, ndipo bungweli labweretsa njira yatsopano ya EIS yoti malisiti azichokera m'pulogalamu yolumikizana nalo. Chovomerezedwa ndi pulogalamuyo, pulinta imangotulutsa. Ngati lisiti lanu likhala ndi QR code, iyeseni ndi kamera ya foni pa pepala lenileni lomwe mudzagule, chifukwa pa mamilimita 48, ndi batire lofooka kapena pepala lotchipa, timabokosi take timalumikizana n'kukana kuwerengeka.

Ndiye agule iti ndani? Okala, shopu imodzi, kapena bizinesi ya antchito oyenda awiri kapena atatu omwe mwini amawaona tsiku lililonse: PT-210 ndi yokwanira, koma mugule ndi ina yapadera yongokhala m'kabati, ndipo muiwerengere ngati katundu wotha, osati wa zaka. Antchito akafika khumi, njira zikatalika, kapena akamatolera ndalama zambiri kutali ndi ofesi, nthawi yotayika pokonza kulumikizana ndi mpata wa chinyengo zimaposa kusiyana kwa mtengo, ndipo ZQ320 kapena Epson imayamba kumveka. Chiyambire pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zochokera kunja zimasintha mtengo pafupipafupi, choncho funsani mtengo wa batire lapadera tsiku lomwelo, ndiponso ngati wogulitsayo ali nalo m'sitolo kapena mpaka aitanitse ku Johannesburg.

Mukapita kukagula, kaya ndi konkuno kaya ku Limbe, nyamulani foni yeniyeni yomwe idzagwire ntchitoyo, app ili momo, ndi mpukutu wanu. Sindikizani lisiti lalitali la katundu 20. Zimitsani pulinta, muiyatsenso, muone ngati app ikulumikiza yokha kapena mpaka mulowenso mu Settings. Tsekani chophimba cha foni kwa mphindi zisanu, mutumizenso. Kenako chotsani tchaja, musindikize malisiti khumi motsatana pa batire lokha, n'kuyerekeza kuda kwa lomaliza ndi loyamba.